Buku limodzi, ana 90: momwe ndimaphunzitsira ndakatulo za chilengedwe ku Sitandade 2

M'mwezi wa Juni kuno ku Dedza ana amafika pasukulu manja ali m'khwapa, mano akugundana, nkhungu itakuta phiri mpaka mitengo ya paini osaoneka. Tsiku lina lotere ndinatsegula buku la ndakatulo pa tsamba lomwe panali chithunzi cha phiri lofunda mtambo. Ndisanatchule liwu ndi limodzi lomwe, kamtsikana kena kosayankhulayankhula kanaloza pawindo n'kunena kuti, "Madamu, si lomwelija ili?" Mitu yonse inatembenukira kuwindo, kenako kubuku, kenako kuwindo. Chiyambire tsiku limenelo buku la ndakatulo silichoka m'chikwama mwanga.

Mwana wa zaka 6 kapena 7 wa kwathu kuno amabwera kusukulu akudziwa kale zambiri za kutchire. Amadziwa una wa nkhululu, amanena kuti ngumbi zituluka madzulo ano ndipo zimatulukadi, amasiyanitsa kulira kwa njiwa ndi kwa pumbwa ali m'nyumba. Chimene sadziwa n'chakuti zinthu zimenezi zimalembeka, kuti bongololo amene anamulumpha panjira dzulo akhoza kupezeka m'buku, dzina lake lili ndi malembo. Ntchito imeneyi ndi imene ndimalipatsa buku la ndakatulo la zithunzi. Ndikulembera aphunzitsi anzanga a Sitandade 1 mpaka 3, komanso alezi a sukulu zamkombaphala, amene muli ndi buku limodzi, ana odzaza chipinda, ndi mphindi zowerengeka.

Choyamba, yang'anani nyengo musanasankhe ndakatulo

Buku la ndakatulo musayende nalo kuchokera tsamba 1 mpaka kumapeto ngati la masamu. Khalani pansi Loweruka lina, muliwerenge lonse, ndipo pambali pa ndakatulo iliyonse mulembe ndi pensulo mwezi umene chinthucho chimaoneka panja pa kalasi yanu. Ndakatulo ya achule iphunzitsidwe achule akulira kudambo. Mukaiphunzitsa mu Okutobala, fumbi lili koboo, ana ailoweza bwinobwino koma siiwakhudza.

Teremu yoyamba ili ndi zambiri. Mu Seputembala mitengo ya m'phiri monga mombo imaphuka masamba ofiira psuu mvula isanagwe n'komwe, akavuluvulu amavina pabwalo, nyenje zimasokosa masana, tchire lapsa ndipo akuluakulu akudikira chizimalupsa. Novembala ndi Disembala amabwera ndi masuku, mango, ngumbi, abongololo ndi achule. Teremu yachiwiri ndi ya bowa, nkhono, agulugufe, ziphaniphani, utawaleza, chimanga chotulutsa ngayaye, ndi mtsinje wa Linthipe wodzaza madzi ofiira. Yachitatu ndi ya mame, nkhungu, mphepo ya mwera, udzu wouma, ndi chisanu chimene nthawi zina chimawaula mbewu za kudimba.

Kalendala imeneyi musangoikopa kwa ine. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri ili pafupifupi mamita 2,200. Mukatsetsereka kupita ku Golomoti, Mua kapena Mtakataka mwalowa dziko lina, la milambe, akakowa ndi nkhwazi, kumene mwana sadziwa kuzizira kwa ku Bembeke. Anzathu a kuchigwa cha Bwanje ku Ntcheu ali ndi mtengo wa nsangu, umene umayoyola masamba m'dzinja anzake onse ali biriwiri, n'kudzaphuka m'chilimwe. Mtengo wa khalidwe lotere ndi ndakatulo kale, ukungodikira woulemba. Aliyense alembe kalendala ya pamalo pake.

Posankha onani zinthu zitatu. Kutalika: mizere 4 mpaka 6 ikwanira a Sitandade 1, ndipo a Sitandade 2 ndi 3 amatha mizere 8 mpaka 12. Pakhale mzere wobwerezabwereza kapena mvekero, mawu onga tho tho tho, waa, zii, nyezinyezi, chifukwa ana amagwirira pamenepo. Chachitatu ndi chithunzi. Imikani buku m'munsi mwa bolodi, mupite kukhoma la kumbuyo, muyang'ane. Ngati inu simukuzindikira chimene chajambulidwa, mwana wa kumbuyo sadzachiona. Chithunzi cha chinthu chimodzi chachikulu chimaposa tsamba lokongola lodzaza tinthu ting'onoting'ono.

Ndakatulo imodzi ikhale ya sabata yonse, mphindi 10 kapena 15 patsiku. Isalande malo a phunziro la Chichewa la National Reading Programme, ndondomeko ya boma yophunzitsira ana kuwerenga imene yakhala m'makalasi mwathu kuyambira 2016. Kambiranani ndi ahedi za nthawi yake. Ine ndimaika ana akangomwa phala, asanabalalike maganizo.

Chachiwiri, konzekani kunyumba

Iwerengeni mokweza katatu muli nokha, kuti mudziwe popumira ndi potsitsa mawu. Kenako ikopereni pa tchati ndi malembo aatali ngati chala chanu chamkombaphala. Tchati chikasowa, katoni yotambasula kapena thumba la feteleza lochapa bwino n'kulitembenuza zimagwira ntchito, monga tinaphunzirira kukoleji za TALULAR, njira yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pathu pomwe. Mzere wobwerezabwereza uja ulembedwe ndi mtundu wina. Pomaliza yendani kumalo kumene mudzapite ndi ana Lachitatu, mukaone ndi maso anu ngati chinthucho chilipo.

Lolemba: chithunzi chokha

Phimbani mawu a m'buku ndi pepala. Ana akhale pansi mozungulira ngati mwezi wongooneka kumene, aafupi kutsogolo. Mwana wosaona bwino, wosamva bwino, ndi mwana wachialubino, amene nthawi zambiri maso ake saona patali, akhale pafupi ndi inu osadikira kuti apemphe.

Ndimakonda kuyamba ndi ndagi. Sabata ya bowa ndimati "Ndagi!" iwo "Gize!" ine "Nyumba yanga ya mzati umodzi." Akavutika nayo pang'ono ndi pomwe ndimatukula buku. Yendani nalo pang'onopang'ono pakati pa ana, tsamba litayang'ana kwa iwo, osayankhula. Mukabwerera kutsogolo funsani: mukuona chiyani, munachionapo kuti, chimayenda bwanji, chimalira bwanji. Asanakweze manja anong'onezane awiriawiri, apo ayi azikuyankhani ana asanu omwewo chaka chonse.

Mayina onse amene anene alandireni. Pa chithunzi cha nanzikambe wina adzati bilimankhwe, wina kalilombe. Lembani onse atatu pabolodi, muwauze kuti kanyama kameneka n'kolemera mayina. Mwana amene mwamuuza kuti dzina limene amatchula agogo ake n'lolakwika sadzakwezanso dzanja msanga.

Lachiwiri: kumvetsera ndi kulakatula

Werengani ndakatulo yonse kawiri osaima, osatanthauzira, osafunsa funso. Apa aphunzitsi ambiri timafulumira kulongosola, ndipo ndakatulo imafera m'manja mwathu. Mwana ayambe wamva kukoma kwa mawu. Kachitatu muwakodole kuti alowe pa mzere wobwereza uja. Kenako tsatani njira imene mukuidziwa kale: inu muyambe, muchitire limodzi, achite okha.

Nayi ina imene ndinalemba ndekha pa chithunzi cha phiri lija, chifukwa mawu a m'buku anali aatali:

Phiri lafunda, phiri lafunda.
Lafunda chiyani? Lafunda nkhungu.
Mwera waomba, khutu lili zii.
Phiri lafunda, phiri lafunda.
Dzuwa lasuzumira, nkhungu yathawa.
Phiri lavula, miyala ili mbee!

Gawani kalasi pawiri, mbali ina izifunsa "Lafunda chiyani?" ina iziyankha, ngati mmene nyimbo za pamtondo zimayendera, wina kutsogolera ena kuvomera. Ndakatulo ya Chichewa siidalira kwenikweni kufanana kwa mawu kumapeto kwa mizere. Mphamvu yake ili pa kubwereza, pa mvekero, ndi pa kakokedwe kathu ka phatikizo lotsatana ndi lomaliza, monga mmene timanenera kuti lafuunda, nkhuungu. Musaope kukoka pamenepo.

Manja ndi thupi zigwire ntchito: afunde ndi manja pamutu, anjenjemere, avule. Koma musalole kuti kulakatula kukhale kukuwa. Ana 90 akakuwa limodzi mawu amasanduka phokoso, ndipo mwana amene sakudziwa kanthu amabisala m'menemo. Auzeni alakatule monong'ona ngati kuti mwana wagona kumsana, kenako atsikana okha, kenako mzere wa kuwindo wokha. Inunso mukafuna bata tsitsani mawu. Chipinda chimakhala chete msanga mphunzitsi akanong'ona kusiyana ndi akamenya tebulo.

Lachitatu: tulukani panja

Tsiku ili ndilo mtima wa sabata yonse, ndipo ndilo limene anthu amalidumpha poopa chipwirikiti. Ulendo wake sufuna basi kapena ndalama. Kuseri kwa kalasi, m'mphepete mwa bwalo la mpira, pansi pa mkuyu, m'munda wa sukulu, kulikonse kumene mungafike m'mphindi ziwiri.

Gawani ana m'magulu a anthu 10, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake. Ngati kuli kotheka pemphani mayi mmodzi wa gulu la amayi a pasukulu kuti akuthandizeni kuyang'anira a kumbuyo. Musanatuluke lozani malire: kuchokera pamtengo uwo mpaka pamjigo, osapitirira. Malamulo akhale atatu okha, ndipo awanene okha mokweza: tiona ndi maso, sitipha, sitidya.

Lamulo lachitatulo ligogomezeni m'nyengo ya bowa. Bowa wakupha amafanana ndi wodyedwa, ndipo mwana asazule ngakhale amene akuti amamudziwa. Chenjerani ndi linthumbu, zisa za mavu, utomoni wa nkhadze umene umawononga maso, ndi udzu wautali mobisala njoka. Chaka china mnyamata wina anagwira chitedze m'mphepete mwa mpanda, analira mpaka nthawi yoweruka, ndipo anzake anatenga masabata akuopa kutuluka. N'chifukwa chake ndimayenda njirayo ndekha dzulo lake. Kukagunda bingu musatuluke, ndipo musausire mvula pansi pa mtengo. Mwana wachialubino avale chipewa ndipo aime pamthunzi.

Mukafika, onse atsinzine kwa mphindi imodzi, angomvetsera. Poyamba amaseka, koma pofika sabata yachitatu amakhala chete ndithu. Akatsegula maso funsani chimene amva. Mudzamva zinthu zimene inu simunazimve: njuchi pamaluwa a mapichesi, njiwa ziwiri zikuyankhana, mbuzi ya kutsidya. Kenako ayang'ane chinthu cha m'ndakatulo chija, achiyerekeze ndi chithunzi. Kodi wojambula anaika miyendo ingati pa chiwala? Nanga ichi chili ndi ingati? Akapeza kuti buku laphonya penapake amasangalala kwambiri, ndipo mwana amene waona cholakwa m'chithunzi ndiye kuti wayang'anitsitsa.

Anyamata a malegeni musawaiwale. Ambiri mwa iwo ndi aja amakhala kumbuyo osatsata malembo, koma pa za mbalame ndi akatswiri: amadziwa kumene mpheta imamanga chisa, chimene timba amadya, nthawi imene nkhwali imalira. Ndimawapatsa udindo wotsogolera gulu. Sindiwanyoza za legeni pamaso pa anzawo. Ndimangowapempha kuti sabata ino mbalame ya m'ndakatulo aionerere ili moyo, adzatiuze chimene inachita. Mnyamata wina amene sankalemba kanthu chaka chonse, mawu oyamba amene analemba yekha pabolodi anali akuti "pumbwa".

Pali zamoyo zina zimene ana amaziopa chifukwa cha zimene amamva kunyumba, makamaka kadzidzi ndi nanzikambe. Musaseke, ndipo musanene kuti makolo awo amanama. Mverani kaye zimene akudziwa, kenako onjezerani zanu: kadzidzi amagwira mbewa ndi makoswe amene amatha chimanga m'nkhokwe, nanzikambe alibe ululu ndipo amadya ntchentche ndi ziwala. Woopa aimire patali, musamukakamize kugwira.

Mvula ikakutsekerani m'kalasi, panja palowe m'kati. Tsamba, chigoba cha nkhono, chisa chakugwa chokha, bongololo pachivundikiro cha chitini amene mukamubwezere pomwe munamutenga. Kapena ingomverani mvula padenga la malata, ana anene mmene ikulirira ikamayamba, ikakula, ndi ikamakata.

Pobwerera aliyense alowe ndi mawu amodzi m'kamwa, akuuzeni pakhomo ngati chiphaso. Musaiwale kusamba m'manja.

Lachinayi: malembo

Apa tibwerera ku tchati. Lozani mawu ndi kandodo uku akulakatula. Ombani m'manja maphatikizo: gu-lu-gu-fe, bo-ngo-lo-lo, chu-le. Afunefune lembo la sabata imeneyo m'ndakatulo, alizunguze ndi chala. Mayina a zachilengedwe ndi odzaza ndi maphatikizo ovuta aja, nkho, nkhwa, mbwa, ntche, ndipo mwana amawagwira msanga pa nkhono ndi ntchentche kusiyana ndi pa mndandanda wouma. Kusiyana kwa ng ndi ng' ndimakuphunzitsa ndi ngumbi ndi ng'ombe.

Dziwani kuti pofika lero ambiri aloweza, ndiye akhoza kukunamizani kuti akuwerenga. Lozani mawu modumphadumpha, kapena lembani mawu asanu pa timakatoni n'kuwasokoneza. Amene akakamira pamenepo ndi amene mukhale nawo pambali.

Lachisanu: ndakatulo yawo

Tengani mafupa a ndakatulo ya sabatayo, ana aikepo mnofu wawo. Lembani mzere woyamba, mufunse wachiwiri. Mawu aja analowa nawo pakhomo Lachitatu atulukire apa. Lembani ndendende mmene mwana wanenera, musawakongoletse. Kalasi yanga ina inapanga iyi mu Disembala:

Bongololo, bongololo,
Miyendo mbwee, ulendo umodzi.
Mvula yagwa, watuluka.
Ndakukhudza, wasanduka nkhata.
Bongololo, bongololo,
Dzuka uzipita kwanu.

Za nkhatazo ananena ndi mtsikana amene amasenza ndowa m'mawa uliwonse. Ine sindikanaziganiza.

Kenako ajambule. Machekeni akasowa, pali makala, pali katondo wosungunula m'madzi, pali masamba a dzungu otikita amene amapereka mtundu wobiriwira. Mapepala akasowa ajambule pansi ndi kamtengo, gulu lililonse likaone za anzawo. Ndimawauza kuti kujambula ndi dothi si umphawi. M'mapanga a ku Chongoni, monga ku Chencherere ndi ku Mphunzi, muli zojambula za makolo, zofiira zimene amati ndi za Akafula ndi zoyera za Achewa, pa malo 127 amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina mwa zojambulazo zimakhudza miyambo imene siikambidwa m'kalasi, ndiye ine ndimangofika pakuti anthu a kwathu kuno anayamba kalekale kujambula ndi zimene nthaka inawapatsa.

Buku likakhala lochokera kunja

Mabuku ambiri a ndakatulo za zithunzi amene amafika m'sukulu mwathu ndi amphatso, a Chingerezi, olembedwera ana a ku Ulaya kapena ku America. Muli chipale chofewa, mitengo imene kuno kulibe, ndi Disembala wozizira pamene kwathu ndi wa mvula ndi matope. Musawatsekere m'kabati. Sankhani masamba a zinthu zimene zili konsekonse: mwezi, mvula, njuchi, kangaude, gologolo, mphepo. Phimbani Chingerezicho, mulembe mizere yanu ya Chichewa inayi kapena isanu yoyenda ndi chithunzi. Kumasulira liwu ndi liwu kumabala chinthu cholemera chosalakatulika, bola kuyang'ana chithunzi n'kuyamba mwatsopano.

Tsamba lachilendo kwenikweni lisungireni a Sitandade 3, ndipo muyambire pa chimene akudziwa. Pa chipale chofewa ndimayamba ndi matalala, ndi udzu woyera mbuu wa kudambo m'mawa wa mu Julayi. Mukafuna a Chichewa, yambani mwafufuza m'kabati ya sukulu yanu momwe, funsani ku TDC (malo ochitirako maphunziro a aphunzitsi a m'zoni mwanu), komanso ku National Library Service. Amene muli ndi foni ya intaneti, pa African Storybook pali timabuku taulere ta zithunzi, tina ta Chichewa. Tambiri ndi nthano, koma zithunzi zake mukhoza kuzilembera ndakatulo.

Sokani buku la kalasi

Lachisanu lililonse sungani ndakatulo ya ana ndi zojambula ziwiri kapena zitatu, mosinthasintha ojambula kuti pakutha pa chaka aliyense akhale atalowamo. Kopani ndakatuloyo mwaukhondo pa pepala lolimba, mumate chojambula pambali ndi phala la ufa wa chinangwa, mulembe dzina la wojambula ndi mwezi. Teremu ikamatha mumakhala ndi masamba 10 kapena 12. Boolani m'mbali ndi msomali, musoke ndi ulusi wa thumba, chikuto chikhale cha katoni. Limeneli ndi buku limene ana amalimbirana kuposa logula lija, ndipo chaka chamawa lidzakhala buku lanu lachiwiri.

Adani a mabuku kuno ndi chiswe, mbewa ndi chinyontho cha m'nyengo ya nkhungu. Akulungeni m'pulasitiki, muwaike m'bokosi lachitsulo kapena m'ndowa yovundikira, pamwamba pa njerwa, osagunda khoma. Aphunzitseni ana kutsegula tsamba ndi nsonga ya pamwamba, manja ali ouma, ndipo gulu limodzi patsiku liloledwe kugwira buku lenilenilo. Buku limene mwana sanaligwirepo amaliyesa la aphunzitsi.

Poweruka Lachisanu apatseni ntchito ya pakamwa: akalakatulire aliyense wa kunyumba ndakatulo ija, ndipo akafunse agogo kapena amalume dzina limodzi la mbalame, mtengo kapena bowa limene silinatchulidwe m'kalasi. Lolemba m'mawa, musanatukule chithunzi chatsopano, siyani mbali imodzi ya bolodi yopanda kanthu ndipo choko chikhale m'manja, chifukwa mayinawo amabwera ambiri, ena oti inunso mukafunse kwa akuluakulu a m'mudzi kalembedwe kake.